Nkhope Patsogolo, Phiri Pambuyo: Mafunso ndi Mayankho pa Kajambulidwe ka Anthu Padzuwa

Munthu aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Limbuli, nawoloka mtsinje wa Muloza pamene dziko la Malawi lilekezera, nalowa m'tauni ya Milange imene idakhala patsinde pa phiri la Tumbine, adzandivomereza kuti dera lino Namalenga adalininkha kukongola mosaumira. Pakuti kutsidya kwa malire kwaima Mulanje, phiri limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, ndipo matanthwe ake amaoneka ngati ali pakhomo pomwe, ngakhale ali m'dziko la eni. N'chifukwa chake kuno sikuchitika ukwati, ubatizo kapena chinkhoswe popanda wina kuuza wojambula kuti, "Achimwene, phirilo lionekenso." Phirilo limaonekadi. Koma anthu amene adavala zatsopano, nadzola mafuta, nalipira mametikali kapena makwacha awo, kawirikawiri amatuluka ali bii ngati zitsa za pa lupsa, osazindikirika kuti mkwati ndi uti, nkhoswe ndi iti.

Anyamata ndi atsikana amene ayamba ntchitoyi masiku ano, ena ndi makamera, ena ndi mafoni okha, akhala akundifunsa za vuto limeneli, ine amene ndidaphunzira m'masiku a filimu, pamene kulakwa kwako unkakuona patapita sabata ziwiri, alendo a ukwati atabalalika kale. Poti safunsa adadya phula, ndasonkhanitsa mafunso awo pano, ndipo ndiwayankha monga ndidziwira.

Funso: Ndikajambula anthu phiri lili kumbuyo kwawo, thambo ndi phiri zimatuluka bwino koma nkhope zimada. Kodi kamera yanga ndi yowonongeka?

Yankho: Siyowonongeka ayi, ingochita chimene idapangidwira, ndipo chilema chake n'chakuti ilibe mtima wodziwa chimene inu muchikonda. M'kati mwa kamera iliyonse muli kachipangizo koyeza kuwala, kamene amisiri adakalamula kuti, kakaona zonse zili kutsogolo kwake, zowala ndi zakuda zomwe, kazisakanize pamodzi ndi kuzitulutsa zotuwa pakatikati, kutuwa konga kwa phulusa, kumene kumabweza magawo 18 mwa magawo 100 a kuwala kogwerapo. Tsono mukaimika anthu atatu pansi pa thambo lowala, thambolo litadya theka la chithunzi, kachipangizoko kayesa kuti kuwala kwachuluka, nikatseka khomo. Thambo likhala bwino ndithu, koma nkhope, zimene zidali kale mumthunzi, zimira mumdima.

Ndipo kuno kwathu vutoli lili ndi muzu wake m'mene dziko lidakhalira. Mulanje ali kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Milange. Ndipo popeza tili kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, pa madigiri 16, m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, nyengo imene maukwati amayamba kuchuluka chifukwa chimanga chalowa m'nkhokwe, dzuwa limayenda chakumpoto, ndipo likapendeka limalunjika komwe kuli phiriko. Munthu wofulatira Mulanje pa nthawi imeneyo wafulatiranso dzuwa. Diso lanu silidandaula, pakuti Mlengi adalipanga lotha kupenya padzuwa ndi mumthunzi pa nthawi imodzi. Kamera mphatso imeneyo idalandira pang'ono chabe.

Funso: Timamva mawu akuti exposure, ndipo pa makamera a Chipwitikizi pamalembedwa exposição. Kwenikweni n'chiyani?

Yankho: Ndi muyeso wa kuwala kumene mwakulola kulowa m'kamera kuti kupange chithunzi chimodzi, kukachepa chithunzi chida, kukachuluka chiyera mbee, zonse zitafufutika. Taganizirani za malonda a chimanga pa msika wa Milange, chitini chili pansi, munthu akukhuthuliramo kuchokera m'thumba. Kuti chitinicho chidzale bwino, osaperewera ndiponso osatayikira, pali zinthu zitatu zoti zigwirizane: kukula kwa pakamwa pa thumba, nthawi imene munthuyo akhala akukhuthula, ndi kukula kwa chitini chomwecho.

Pakamwa pa thumba ndilo bowo la m'lenzi, limene Angerezi amati aperture, Apwitikizi abertura. Limalembedwa f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, ndipo chimene chimasokoneza ongoyamba n'chakuti nambala ikamakula bowo limachepa, kotero kuti mukachoka pa f/8 kupita pa f/11 mwadula kuwala pakati. Nthawi yokhuthula ndiyo liwiro la kachitseko kotchedwa shutter: 1/125 ya sekondi ilowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa 1/250. Chitini ndicho ISO. Pa ISO 100 chitini n'chathunthu, ndipo chikadzala chithunzi chituluka chosalala. Pa ISO 1600 mwachita ngati wamalonda uja amene pogulitsa amatulutsa chitini chomenyedwa pansi kuti chidzale msanga: chidzaladi, koma chimanga n'chochepa, ndipo mungu uonekera, ndiwo timadontho tonga mchenga timene timadetsa khungu pa chithunzi. Padzuwa la kuno palibe chifukwa chokwerera kupitirira ISO 100 kapena 200.

Kuwirikiza kulikonse, kapena kudula pakati kulikonse, ojambula amakutcha stop. Ife pano tiziti sitepe.

Funso: Tipatseni manambala oyambira, kuti tisamangoyendera mwayi.

Yankho: Lilipo lamulo limene ojambula akale ankalisunga pamtima, limene linkasindikizidwanso pa kapepala ka m'bokosi la filimu: dzuwa likawala ngwee, mithunzi ili yakuthwa, ndipo likumenya munthu kumaso, ikani f/16, ndipo liwiro lifanane ndi nambala ya ISO, ndiye kuti pa ISO 100 liwiro likhale 1/100 kapena 1/125. Kuchokera pamenepo mukhoza kusinthanitsa monga mufunira, f/11 ndi 1/250, f/8 ndi 1/500, f/5.6 ndi 1/1000, f/4 ndi 1/2000. Kuwala n'kumodzimodzi, koma bowo likamakula za kumbuyo zimasungunuka, munthu naonekera yekha, chimene chili chokoma kwa munthu mmodzi koma choipa kwa gulu la mizere itatu, limene lifuna f/8 kuti a kumbuyo asaoneke ngati mizukwa. Liwiro likakhala pa 1/125 pomwepo, kukabwera timitambo topyapyala ikani f/11. Mitambo ikakuta mpaka mithunzi kuzilala, f/8. Mumthunzi wa khonde, f/5.6 kapena f/4. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu, ndipo inu mufuna nkhope yake, tsegulani masitepe awiri, kuchoka pa f/16 kufika pa f/8.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, ndinene za chiperoni. Mvula yowaza ndi nkhungu yozizira imene imakuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre m'miyezi yachisanu idatenga dzina lake kuchokera ku phiri la Chiperone, lopitirira mamita 2,000, limene lili m'boma lomwe lino la Milange chakummwera. Mayi woyanika ufa amachida chiperoni, ndipo sindimtsutsa. Koma wojambula nkhope ayenera kuchiyamika, pakuti mitamboyo imasandutsa thambo lonse kukhala nyale imodzi yaikulu yofewa, yosatsinzinitsa munthu maso, imene pakhungu lakuda imagona bwino ngati mafuta a nsatsi. Tsiku lotero ikani f/5.6, ndipo thambo loyeralo mulichotse m'chithunzi momwe mungathere, popeza limanyenga kachipangizo kaja monga momwe limachitira thambo la dzuwa.

Funso: Nanga nthawi yabwino ndi iti? Maukwati athu amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo.

Yankho: Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa, ndipo ndinena mosabisa kuti zithunzi zambiri zimene zidandichititsa manyazi ndidazitola pakhomo pa tchalitchi pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko. Dzuwa likakhala pamwamba pa mutu, mphumi ndi mphuno zimang'anima, maso nalowa m'maenje amdima, pansi pa chibwano pakhala chigamba cha mthunzi, kotero kuti namwali wa zaka 20 aoneka ngati wagona ndi njala sabata yathunthu. Kuno dzuwa limaima pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, pamene munthu amaponda mthunzi wake womwe. Ndipo wotchi isakunyengeni, pakuti mu Novembala limafika pachimake cha m'ma 11:20, osati 12 koloko.

Koma ife sindife Yoswa kuti tiliimitse dzuwa, ndipo abusa kapena ansembe sadzafupikitsa ulaliki chifukwa cha wojambula. Chotsala n'kusuntha anthu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pitani kwa ankhoswe mwaulemu, manja ali pamodzi, mukati, "Bambo, ndapota nanu, akwatiwa tiwasunthire pakhonde paja kuti nkhope zioneke," ndipo palibe nkhoswe yanzeru imene idzakukanizani. Aimikeni m'mphepete mwa mthunzi, pamene dzuwa langolekezera, atayang'ana kunja kowala, osati m'katikati mwa mdima. Pamenepo bwalo lonse losesedwa bwino lija lisanduka nyale yowaunikira kumaso. Mtengo wa mango ndi bwenzi lanu chifukwa masamba ake ndi othithikana. Koma mtengo wa masamba apatalipatali, monga mthethe, umawaza timawanga ta dzuwa pankhope, munthu naoneka ngati nkhanga, ndipo palibe nambala ya pa kamera imene ingachize nthenda imeneyo. Chenjeraninso ndi mtundu wa kuwala kobwerera kuchokera pansi: m'munda wa tiyi kapena pa kapinga kumabiriwitsa pansi pa chibwano, pa katondo kumafiiritsa.

Funso: Koma eni chithunzi amafuna zonse ziwiri, nkhope ndi phiri. Kodi sizingatheke?

Yankho: Zimatheka kwa wolawira. Munthu wofulatira Mulanje amayang'ana kummwera chakum'mawa. Choncho m'mawa, kuyambira cha m'ma 6:30 kufikira 8:30, dzuwa likadali pansi, limamuunikira chammbali kapena chakumaso, ndipo dzuwa lomwelo limaunikiranso matanthwe a phirilo, kotero kuti munthu ndi phiri akudyera mbale imodzi, muyeso umodzi nuwakwanira onse. Mukadziwa kuti banja lifuna chithunzi cha phiri, pangananali m'mawa wa tsiku lotsatira. Ndipo mu Seputembala ndi Okutobala musalonjeze kanthu, chifukwa utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaliphimba phirilo mpaka kusanduka chizimezime.

Koma ikafika nthawi yoti nkhope ili mumthunzi, phiri lili padzuwa, ziwirizi zasiyana ndi masitepe atatu, ndiko kunena kuti kwina kukuwala kasanu n'katatu kuposa kwinako, ndipo wofuna kuzikondweretsa zonse adzazitaya zonse. Mapanga awiri avumbwitsa. Pamenepo sankhani nkhope, phiri lizilale. Ndinena izi ndi chifukwa. Akuluakulu a kuno akumbukira chaka cha 1986, pamene tauni ya Milange idagwa m'manja mwa ankhondo a Renamo, anthu nawoloka Muloza ndi Ruo ana ali kumsana, kamtolo kali pamutu, nakakhala ku Malawi kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndipo pobwerera, Tumbine adampeza ali pomwe adamsiya, Mulanje chimodzimodzi, koma si onse adawoloka amene adabwerera. Ndalowamo m'nyumba zimene zidapulumutsa kachithunzi kamodzi kokha ka agogo, kothimbirira, kopindika m'makona. Sindidaonepo mdzukulu akukatembenuza kuti aone ngati phiri lidatuluka bwino kumbuyoko.

Funso: Timamva kuti makamera adapangidwira Azungu, n'chifukwa chake sagwira bwino khungu lakuda. Kodi n'zoona?

Yankho: Muli choonadi m'mawu amenewa, ngakhale aulesi amabisalamonso. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera makina awo, pamene padali chithunzi cha mkazi wachizungu. Makhadiwo adadziwika ndi dzina lakuti Shirley, ndipo otsukawo ankalinganiza mitundu kufikira khungu la mayiyo litaoneka bwino, za makungu ena osazilabadira. Lorna Roth, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, amene adafufuza nkhaniyi nailemba mu 2009, adapeza kuti pakati pa amene adakakamiza kampaniyo kukonza mitundu yoderapo padali opanga mipando ya matabwa ndi opanga chokoleti, amene ankadandaula kuti malonda awo saoneka bwino pa zithunzi. Taonani chipongwe chake: gome lidamveka msanga kuposa munthu! Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana lidadza m'zaka za m'ma 1990. Imamvekanso mbiri yakuti Jean-Luc Godard, katswiri wa mafilimu, ataitanidwa ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene boma la Samora Machel linkafuna kuyambitsa wailesi ya kanema, adaikana filimu ya Kodak pa chifukwa chomwechi.

Komabe chida chokondera sichidaletse amisiri enieni. Ricardo Rangel, wobadwa mu 1924 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, adajambula anthu akuda a m'misewu ya mzindawo kwa zaka makumimakumi, naphunzitsa achinyamata pa sukulu ya ujambuli imene adaitsogolera kufikira imfa yake mu 2009. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, amene adatsegula malo ake ojambulira mu 1948, ankaimika anthu pabwalo la nyumba yake, nsalu itapachikidwa kumbuyo, nyale yake ili kuwala kwa usana, ndipo pofuna kusunga filimu ankatola kamodzi kokha. Lero zithunzi zakezo zimaonetsedwa ku Paris ndi ku New York. N'zoona kuti awiriwa ankajambula kwambiri zakuda ndi zoyera, koma dzuwa limene ankalimbana nalo ndi lomweli.

Masiku ano zinthu zasintha. Mafoni a Tecno ndi Itel, amene adzaza m'matumba mwathu, adatchuka mu Africa mwa zina chifukwa eni ake adalinganiza makamera awo ndi khungu lakuda, ndipo Google nayo idalengeza zotere mu 2021 pa foni ya Pixel 6. Koma pabuka tchimo lina, limene ine ndiliyesa loipa kuposa loyamba lija: mafoni ndi ojambula ena amayeretsa munthu dala, namsalaza, mpaka mayi ake omubala amkayikira. Kuunika nkhope si kuisintha mtundu. Wakuda ngati phingo atuluke wakuda ngati phingo, koma maso, masaya ndi makwinya a kuseka kwake zioneke.

Funso: Tsono ndiyeze bwanji kuwala kwa pankhope?

Yankho: Njira yapafupi ndi batani lolembedwa + ndi –, limene limalamula kamera kuti iwonjeze kapena ichepetse pa chimene yaganiza yokha. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu yambani ndi +1, tolani, yang'anani, ndipo ngati nkhope ikadali mumdima kwerani mpaka +2. Poyang'anapo phimbani sikirini ndi chipewa, mukulitse nkhopeyo, pakuti padzuwa sikirini imanama.

Njira yachiwiri ndi kulamula kamera kuti iyeze kadontho ka pakati pokha, kumene amati spot, inu mutalozetsa kadonthoko pa tsaya. Koma m'menemu muli msampha umene wakola ambiri: kachipangizo kaja sikaleka khalidwe lake lofuna kutuwitsa zonse pakatikati, kotero kuti mukakalozetsa pa munthu wakuda bii kadzamkweza mpaka atuwe ngati wasamba phulusa. Kwa munthu wotere bwezani pansi theka la sitepe kapena sitepe yathunthu. Kwa wofiirira, amene khungu lake lili pafupi ndi muyeso wa pakati uja, siyani momwemo.

Njira yachitatu, imene ine ndiikonda chifukwa chida chake sichiiwalika kunyumba, ndi chikhatho. Chikhatho cha munthu, kaya mwini wake ndi wakuda kaya ndi woyera, sichisiyana kwambiri, ndipo chimawala pafupifupi sitepe imodzi kuposa kutuwa kwa pakati kuja. Chiikeni m'kuwala komwe kuli wojambulidwayo, chitapenya kumene nkhope yake yapenya; chidzaze diso la kamera; werengani manambala; kenaka tsegulani sitepe imodzi, muwakhazike manambalawo pa M, pamene kamera siisintha kanthu yokha. Mukatero aliyense wodzaima pamenepo, wakuda, wofiirira, wa suti kapena wa diresi loyera, adzatuluka monga adalengedwera, kufikira mtambo utadutsa kapena dzuwa litasuntha, pamene muyenera kuyezanso.

Funso: Diresi la mkwatibwi limatuluka ngati pepala, maluwa ake osaoneka. Ndichitenji?

Yankho: Funso ili landikumbutsa bala lakale. Chaka china ndidayeza kuwala pa suti yakuda ya mkwati, ndipo zithunzi zitabwera kotsukitsa, diresi limene telala adalisoka masabata atatu lidangoti mbee ngati ufa woyanika pa mphasa, mayi ake a mkwatibwi sadandikalipire, adangoti, "Mwana wanga, nanga maluwa aja adapita kuti?" ndipo mawu ofatsawo adandipweteka kuposa ndodo. Chakuda chikachuluka m'chithunzi kamera imawonjeza kuwala mopitirira, ndipo mufunika –1. Choyera chikachuluka, monga pa gulu la amayi a Mvano, pa ana olandira mgonero woyamba kapena a sukulu ovala malaya oyera, imachepetsa mopitirira, nkhope nizida, ndipo mufunika +1 kapena kucheperapo.

Dziwani ichi: pa makamera a masiku ano choyera chikapserera sichibwereranso, koma chakuda chikhoza kudzutsidwa pang'ono pa kompyuta, makamaka ngati mudalamula kamera kuti isunge zithunzi mu RAW osati JPEG yokha. Yatsani chenjezo limene limaphethiritsa malo opserera pa sikirini. Thambo likaphethira musatekeseke. Diresi likaphethira bwererani pansi pang'onopang'ono mpaka lileke. Choipitsitsa ndi diresi lili padzuwa pamene nkhope ili mumthunzi wa velo kapena wa ambulera. Zonse zikalowa mumthunzi umodzi, kamera ikhoza kuzisenza.

Funso: Ena amayatsa fulashi masana dzuwa likuswa mtengo. Si misala imeneyo?

Yankho: Si misala ayi, ndi nzeru, fulashiyo ntchito yake ndi kudzaza maenje a m'maso aja ndi kuyandikizitsa nkhope ku kuwala kwa kumbuyo. Koma ili ndi malire awiri. Makamera ambiri salola liwiro lopitirira 1/200 kapena 1/250 fulashi ikayaka, kotero kuti padzuwa, pa ISO 100, mudzakhala pa f/11. Ndipo pa bowo laling'ono lotero kafulashi ka pamutu pa kamera sikafika patali kuposa mamita awiri. Mukabwerera m'mbuyo mtunda wowirikiza kawiri, kuwala kwake sikudulidwa pakati chabe, kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Ichepetseninso mphamvu ndi –1, kuopa kuti munthu angaoneke ngati wamatidwa pa chithunzi cha eni. Ndipo popeza anthu athu pa tsiku lachisangalalo amadzola mafuta mosaumira, thukuta niliwonjezera, khalani ndi kansalu koyera m'thumba, muwapemphe apukute pamphumi ndi pamphuno, chifukwa fulashi ikagunda pamafuta imabweza chigamba choyera.

Koma amene alibe fulashi asadziyese wamasiye. Nsalu yoyera ya pa bedi, thumba loyera la ufa lotambasulidwa, katoni yomatidwa pepala lonyezimira, ngakhale khoma lopaka laimu, zonsezi zimabweza dzuwa kumaso popanda batire. Mwana mmodzi agwire nsaluyo chammbali, pafupi ndi munthuyo, pamalo pamene dzuwa likuigunda, ndipo mudzaona ndi maso anu nkhope ikudzuka. Khungu lakuda limakongola ndi kuwala kochokera pa chinthu chotambalala, chifukwa limachionetsa ngati madzi odikha. Nsalu yaikulu imakaposa kafulashi kakang'ono. Kapulana kapena chitenje cha maluwa musachigwiritse ntchito imeneyi, chidzapaka munthu mitundu yake.

Funso: Ine ndili ndi foni yokha. Zonsezi zikundikhudza?

Yankho: Zikukukhudzani, kupatula manambala. Pukutani lenzi poyamba, pakuti foni yokhala m'thumba limodzi ndi mandasi imaona dziko ngati muli nkhungu. Gwirani ndi chala pankhope ya munthuyo pa sikirini, ndipo foni idzayeza pamenepo. Pambali padzaoneka kachizindikiro ka dzuwa, kamene mukakakweza kapena kukatsitsa mwachita zomwe lichita batani la + ndi – lija. Mukakanikiza chala kwa kanthawi, mafoni ambiri amamanga muyesowo kuti usasinthe. HDR, imene imalumikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi, imathandiza phiri ndi nkhope kukhalira limodzi, malinga anthuwo aime chilili. Chosalaza nkhope chija chizimitseni.

Funso: Nanga anthu oyenda, monga ovina tchopa kapena a njinga zonyamula chimanga kupita kumalire?

Yankho: Pamenepo liwiro ndilo litsogole: 1/500 kwa ovina, 1/1000 kwa njinga yotsika mtunda ndi matumba ake, bowo nilitsatire monga tawerengera kale, f/8 kapena f/5.6 padzuwa. Imani dzuwa lili kumbuyo kwa phewa lanu, muyezeretu pa chikhatho iwo asadafike, pakuti wovina sadikira. Koma kumbukirani kuti wopalasa njingayo ali pa ntchito yake, ndipo nkhope ndi yake. Mpatseni moni, mpempheni, ndipo akakana mlekeni apite. Ndipo mukayandikira pa mlatho wa Muloza, pamene pali maofesi a malire, apolisi ndi asilikali a mayiko onse awiri, ngakhale kuwala kukome chotani, kamera ndi foni zikhale m'thumba kufikira mutapempha chilolezo kwa oyang'anira pamalopo.